Milandu ya Mbuzi ya Nagama

Mbuzi ya Nagama, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu, inadya chimanga cha a Chikakuda, mwini chigayo. Nagama atapita kuchigayoko ndi nkhuku yachipepeso, mbuziyo ili pachingwe, iwo anaikana pamaso pa anthu.

"Ndikufuna mbuzi yomweyo, apo ayi simudzagayitsanso pano!"

Nagama anagwada. "Pepani bwana. Koma mlandu wa mbuzi amausenza ndani?"

"Mwini wake! N'zofunsa zimenezo?"

"Mwamva anthuni," anatero Nagama, nawapatsa chingwe. "Mbuzi ndi yanu."

Asanaimange n'komwe, tinatulukira ife amene Nagama anatimema m'mamawa. Wina anadandaula za nyemba, wina za chitenje chimene inatafuna, ine za kabichi wanga, dimba lathunthu.

"Imeneyo ndi milandu yakale!" anakuwa a Chikakuda.

"Mukakwatira mayi wa ana, bwana, anawo mumawagoneka panja?" anafunsa Nagama.

Anthu anafa nalo phwete. A Chikakuda anamuponyera chingwe chija. "Tengani chiwanda chanuchi!"

Nditamutsatira Nagama kukafunsa za kabichi, anandiyankha mwaulemu kuti mlanduwo unatsala kuchigayo, iye mbuziyo anangopatsidwa ngati mphatso. Kuchigayo nako amandilozera kwa Nagama.

Kabichi wanga sanalipidwe mpaka lero.