Mathero anavota asanamere mano

Nyemba zam'dimba sizidikira munthu. Zikauma uzipunthe, apo ayi nkhuku ndi anankafumbwe akuthandiza kudya. N'chifukwa chake m'mawa wa tsiku losankha purezidenti, pamene mudzi wonse unkatsetsereka kupita ku sikola ya ana kukavota, Rufina anali pabwalo pake atayala nyemba pa chinsalu cha lona, ndodo ili m'manja, mwana ali kumsana. Mwanayo anali wachisanu, woyamwa, dzina lake Mathero. Dzinali analisankha yekha Rufina, kuti mwamuna wake amene ankagwira ntchito yomanga ku Tete amve popanda kumuuza kawiri.

Kuvota ankafuna. Kartawu yake yovotera anali ataimangirira kale pangodya ya kapulana, nsalu imene anavala, koma anati apita madzulo anthu akachepa. Ogula nyemba ochokera ku Kalomwe ankabwera mawa lake, ndipo mulu unali usanasunthe. Kupuntha uli ndi khanda kumsana amakudziwa ndi amene anakuchitapo. Ukawerama iye akutsetsereka, ukadzuka akukukoka tsitsi, fumbi la makoko likamulowa m'mphuno wayamba nyimbo.

"Alamu! Inu muli pa nyemba? Simunamve za ku sikola?"

Anali Fernanda, mlongo wa mwamuna wake, akupuma mwawefuwefu.

"Kwagwanji?"

"Bisha yake! Mzere wachoka pakhomo, wazungulira mkuyu, wadutsa bwalo la mpira mpaka kumsewu. Ena afika kusanache, koma ndi chitseko chomwe sanachione. Amene akulowa osaima ndi okalamba, oyembekezera ndi a makanda basi."

"Ndiye mukufuna ndikukalambitseni kapena ndikupatseni mimba?"

"Ndibwerekeni Mathero."

Rufina anatsamira ndodo. Mtima unamuuza kuti ayi, msana unamuuza kuti inde. Anayang'ana mulu wa nyemba, ndipo msana unapambana.

"Wayamwa kumene, agona. Mukangoviika chala mu tinta yakuda ya ovota mubwere naye kuno molunjika. Osapatsa munthu."

"Ndipatse ndani? Si ine azakhali ake?"

Ntchito inayenda ngati madzi am'ngalande. Kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayo, Rufina anawerama popanda chomukoka, mpaka anayamba kuimba. Chimene chinamukumbutsa si dzuwa ayi, koma mawere. Anadzaza, anayamba kuwawa, mkaka n'kudontha pamalaya. Atakweza maso anaona chithunzithunzi cha nkhokwe chitalowa pansi pake. Anali masana, ndipo panjira panalibe Fernanda. Anaponya ndodo n'kuuyamba wa ku sikola.

Anamupeza pansi pa mkuyu akutafuna nzimbe ndi anzake, chala chakuda, msana wopanda kanthu.

"Mwana ali kuti?"

"Ee, alamu, mwabwera? Ali ndi Páscoa. Anasiya mowa pamoto, ndiye anangoti alowe naye pang'ono."

Páscoa, mnansi wawo, anali kuseri kwa sikola akumwa madzi. Nayenso chala chakuda, nayenso msana wopanda kanthu.

"Ndapatsa Mónica. Wandichonderera kwambiri."

"Mónica wake uti?"

"Wamtali uja, wa kutsidya kwa mtsinje. Timaonana kuchigayo."

"Kwawo mukukudziwa?"

Páscoa anayang'ana pansi.

Rufina anakankha anthu mpaka pakhomo, pamene panaima mayi wina wa ntchito ya chisankho amene ankalowetsa ovota. Rufina atafunsa za Mónica, mayiyo anagwedeza mutu.

"Wamtali wa kapulana yobiriwira? Ameneyo sanavote kuno. Analembetsa ku sikola ya kumtunda, njira ya ku Fonte Boa, ndiye tamuuza apite kumeneko. Ndamuona akukwera galimoto ya mbatata imene inanyamula anthu opita mbali imeneyo."

"Ali ndi mwana?"

"Ali ndi mwana kumsana. Kodi si wake?"

Pali kulira kwina kumene mayi salira ndi pakamwa. Rufina anagwira khoma. Fernanda sanamutukwane, nthawi yake panalibe. M'mutu mwake munkangozungulira chinthu chimodzi: mwana wake wanjala ali kumsana kwa munthu amene palibe akudziwa kwawo, pa galimoto imene palibe akudziwa mwini wake, ndipo malire a Malawi si patali. Tsiku limenelo mashapa, maminibasi onyamula anthu, sankayenda. Wapansi, ndi chitunda cha njira imeneyo, akanafika dzuwa litapendeka.

Nkhani inayenda mumzere kuchokera pakhomo mpaka kumsewu, aliyense akuuza wa kumbuyo kwake. Pafupi ndi chitseko penipeni panaima Victorino, mwini njinga yamoto. Iye ndi Rufina anali atasiya kupatsana moni kuyambira pamene mbuzi zake zinadya dimba la Rufina, ndipo Rufina anamuuza mawu oti sitingawalembe pano. Victorino anatuluka mumzere akufufuza kiyi m'thumba.

"A Victorino, mwaima chiyambire mbandakucha," anatero mnzake wa kumbuyo. "Mukusiya mutafika pakhomo?"

"Purezidenti ali papepala, sathawa. Khanda ndiye silidikira."

Nkhalamba ina imene inali itavota kale inatola mwala n'kuuika pamene iye anaima. "Pitani, bambo. Mwala uwu ndi inu. Mzere ukasuntha anzanuwa aziusuntha ndi phazi."

"Kwerani, amake Mathero," anatero Victorino osamuyang'ana.

Anakwera. Anadutsa minda yogalauza yodikira mvula, anaoloka mtsinje pamiyala, fumbi likuwatsata ngati utsi. Rufina ankayang'ana msana wa mayi aliyense amene ankakumana naye. Pokwera chitunda njinga inadumpha dzenje, iye n'kupendekera kumbali.

"Gwirani zolimba," anakuwa Victorino. "Mukagwa anthu adzati ndabwezera za mbuzi zija."

Rufina anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi ndi imene inatuluka.

Ku sikola ya kumtunda mzere unali waufupi, koma pansi pa mitengo ya mapichesi panali gulu la azimayi. Cha pambali, payekha, panakhala mayi wamtali wa kapulana yobiriwira atagwira tsaya. Pakati pa gululo panali mayi wina wonenepa, wachilendo kwa Rufina, atakhazika Mathero pamiyendo. Ankamumwetsa phala lamadzimadzi ndi kasupuni, pang'onopang'ono, akuuzira. Kamwana kake ka mayiyo kanakhala padothi, kakuperekeza supuni iliyonse ndi maso, kakuona phala lake likupita m'kamwa mwa mlendo.

"Mwana wanga! Ndipatseni!"

Mayiyo anatembenuza phewa n'kumutchinga mwanayo.

"Imani pomwepo, mayi. Lero aliyense akungoti ndipatseni, ndipatseni. Khandali lafika pano milomo itauma, lalira mpaka mawu kutha. Tinati kwa amtali awa, muyamwitseni, iwo n'kumayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Ndiye tawalanda. Inu ndinu mayi wake wachingati?"

"Ndine mayi wake weniweni."

"Nawonso anayamba choncho."

"Ndi zoona, amayi," analowererapo Victorino. "Timakhala mudzi umodzi, ndikuwadziwa."

"Abambo, inunso sitikukudziwani. Khalani uko."

Rufina, amene pakamwa pake pankaopedwa ndi mudzi wonse, anangokhala pansi pafumbi pomwepo, namasula malaya, natulutsa bere. "Mathero," anaitana motsitsa. "Tate wanga."

Mwanayo analavula phala. Anapotoloka, anatambasula timanja, n'kudziponya mwamphamvu moti mayi wonenepayo anachita kumugwira mwendo. Atafika pabere anakoka ngati mwana wa ng'ombe, akulira pang'ono, akuyamwa, akuliranso, ngati akumuwerengera mayi ake milandu yonse ya tsikulo. Azimayi anaseka, wina n'kululutira.

"Basi, mboni yalankhula," anatero mayi uja, akupukuta supuni pakapulana. "Ine ndine Ercília. Ndavota kalekale, ndipo kwathu ndi kuseri kwa phiri uko. Ndimati ndizipita, koma ndinati ayi, sindichoka mpaka nditaona bere la mwana ameneyu. Tsono mundimvere, mayi mnzanga. Mwana si khasu loti mnzako akalimire n'kudzabweza."

"Mwanena zoona."

"Ndanena zoona, inde. Ndi dzuwa lija pa galimoto ya mbatata, lero mukanatha kulira maliro."

Rufina anaomba m'manja mwaulemu, mwana ali pabere, mutu uli pansi. Anafuna kunena zambiri, koma zimene zinatuluka ndi zochepa. "Zikomo, amayi. Mwandisungira moyo. Ndipo mwana wanu mwamugoneka ndi njala chifukwa cha wanga."

"Uyu? Taonani mimba yakeyo. Tsiku limodzi silimupha."

Mónica anayandikira chokwawa. Anati anamufunafuna Páscoa koma sanamuone, galimoto inkanyamuka, ndiye anaganiza kuti ndi khanda avota msanga n'kubwerera nalo. Azimayi anayamba kumukalipiranso, koma Rufina anakweza dzanja.

"Musiyeni. Woyamba kulakwa ndi amene anamasula mbereko."

Pobwerera Victorino anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse. Atafika ku sikola ya kwawo mzere wonse unatembenuka, ndipo ataona kamutu kakusuzumira paphewa la Rufina anthu anaomba m'manja ngati zotsatira zatuluka kale. Mwala uja unali utafika pakhomo kalekale, n'kuikidwa pambali pa chitseko. Mayi wolowetsa anthu anaukankha ndi phazi nati, "A Victorino, mwadikira mokwanira, lowani."

Rufina anatsatira pambuyo pake, popeza a makanda ankalowa osaima. Mayiyo anatambasula mkono n'kutseka njira. Anasuzumira kumsana, nayang'anitsitsa mwanayo.

"Bambo awa ndawaona pamisana yambiri lero. Avota, avotanso. Amayi awo akaime kumbuyo."

Mzere unafa ndi phwete. Tsiku lina Rufina akanayankha mpaka mayiyo kulakalaka atakhala kunyumba. Tsiku limeneli anaseka nawo, nakweza mwana bwinobwino, n'kupita kumapeto kwenikweni, pafupi ndi msewu. Kumeneko wina anamupatsa madzi, wina kachidutswa ka nzimbe, wina anamufunditsa mwana nsalu kumutu poopa dzuwa. Mtsikana wina anatambasula manja nati, "Tikugwirireniko, mupume."

"Ayi, mwanawe, zikomo. Ameneyu lero wayenda mokwanira."

Analowa dzuwa litafiira. Anachonga mapepala ake kuseri kwa chotchinga, anawapinda, anawaponya, n'kuviika chala mu tinta. Amene anamusankha ndi chinsinsi chake, ndipo kunena zoona potuluka sankaganiza za iye. Ankaganiza za phala la mwana wa eni, za mwala wa nkhalamba, ndi za munthu amene anamutukwana chifukwa cha mbuzi. Anamupeza Victorino panja akupukuta fumbi panjinga yake.

"A Victorino, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu amake Mathero?"

"Ndaswera chifukwa cha inu."

Victorino anangogwedeza mutu, n'kuliza njinga.

Kunyumba anapeza Fernanda atakhala m'mphepete mwa lona akuingitsa nkhuku, maso ali pansi, akudikira mawu amene ankadziwa kuti ndi ake. Rufina anatola ndodo ziwiri n'kumuponyera imodzi.

"Tengani, alamu. Chala chakuda sichiletsa kupuntha."

Anamangitsa kapulana pachifuwa, nayesa mfundo kawiri, n'kuwerama. Mathero anatsetsereka, anamukoka tsitsi, anayetsemula ndi fumbi la makoko. Mulu unali ukadali waukulu, kunja kunkada, ndipo zinali zoonekeratu kuti ogula a ku Kalomwe adzapeza ntchito ili pakati. Rufina sanadandaule. Mwana amene ankamulemera kumsanayo anamutaya yekha m'mawa, ndipo anamubwezera ndi anthu amene analibe naye ngongole iliyonse. Akuluakulu sananame: mwana wa mnzako ngwako yemwe.