Mwana wa m'chigafa

Panali munthu wina wa ku Phalombe, dzina lake Kaliwo, amene analakwiridwa ndi kapitao Lunguzi chaka chimene anakalowa utenanti pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu.

Lunguzi ankagawa phoso poona manja olowa m'munda, osati mimba zofuna kudya. Choncho Kaliwo anatenga mwana wake Esinati, wa zaka khumi ndi chimodzi, kuti azithyola fodya m'mawa ndi kusoka masana.

Fodya wa mame amaledzeretsa ana. Amamva chizungulire, amasanza, koma mawa lake amadzuka. Matenanti onse ankadziwa zimenezi. Ndiye Esinati atayamba kusanza ndi kutentha thupi, bambo ake anati ndi fodya, zitha zokha.

Tsiku lachitatu kunamveka galimoto la anthu a boma oona za ntchito. Lunguzi anakusira ana onse m'chigafa choumitsiramo fodya, kuseri kwa fodya wopachika, nawaopseza kuti wotsokomola aona zakuda. Esinati anachita kumunyamula ndi kumugoneka pa chiguduli. Makolo nawo Lunguzi anawauza kuti wotsegula pakamwa asamuka tsiku lomwelo, fodya wake ausiya.

Mayi wina wa bomayo anaima pamaso pa Kaliwo.

"Bambo, alipo mwana wanu amene amagwira ntchito pano? Musaope."

Galimotolo linali lobwerera kuboma, kumene kuli chipatala. Chigafa chinali pomwepo, poti ukhoza kuponyapo mwala. Kaliwo anayang'ana Lunguzi. Anaganizira thukuta la miyezi isanu ndi iwiri, ndi ana ake ena atatu ang'onoang'ono amene analibe kolowera.

"Ana anga ali kusukulu, mayi."

Galimoto linapita. M'mawa mwake Esinati sankawazindikiranso bambo ake. Kaliwo anabwereka njinga, namumangirira kumbuyo ndi chitenje, nakafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Namwino anati ndi malungo, nafunsa chimene anachedwera. Mwanayo sanaone tsiku lina. Lunguzi anapereka matabwa anayi a bokosi, nati Lolemba aliyense apezeke m'munda.

Tsono inu amene mumakangana pa wailesi, mverani. Ena mumati mwana agwire ntchito, ndiko kukula kwake. Ana anu amasoka fodya? Enanu mumati mwana apite kusukulu, koma mumafunsa munthu wanjala kapitao ali chilili pambali pake, n'kulemba zimene wayankha. Mukafuna choona, tsikani mukalowe m'chigafa. Ndipo iwe kholo, tsiku limene a boma adzakufunsa, dziwa kuti fodya amalimidwa chaka chilichonse, mwana ayi.

Lunguzi sanamangidwe. Anamanga nyumba ya malata ku Santhe, ana ake onse anaphunzira, ndipo anamwalira ali nkhalamba, pa bedi.