Mzere wa Makala

Chaka chachiwiri chiyambire mishoni ku Bembeke, m'mbali mwa kamtsinje kena kunsi kwa phiri munali dzenje lochekera matabwa. Mwini ntchitoyo anali a Benedicto, mmisiri wachikulire amene adaphunzira ukalipentala kwa ansembe. Ankagwira ndi amuna awiri, Gervazio ndi mlamu wake Zilole. Kachekedwe kake kanali kotere: chipika ankachigoneka pamwamba pa dzenje, mmisiri n'kuviika chingwe m'makala osinja ndi kuchimenyetsa pachipikapo kuti chisiye mzere wakuda. Kenaka wina ankaima pamwamba, wina m'dzenje, n'kumakokerana macheka aatali motsata mzerewo. Wapamwamba ndiye ankawongolera, wam'dzenje ntchito yake inali kukoka ndi kudya utuchi.

Gervazio mphamvu anali nazo, nzeru nazonso zinalimo, koma mtima wake sunkakhala pakhomo. Akamabzala amakhala akukolola kale, akamadya amakhala akufunsa za mawa. Ndiye tsiku limene a Benedicto adanena kuti akamaliza chitseko cha tchalitchi cha m'mudzimo adzatenga mmodzi mwa awiriwo kukamuphunzitsa ukalipentala ku mishoni, Gervazio adangodziona ali kale kumeneko. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti iye akupita, ndipo mkazi wake Filomena adayamba kumusokera thumba la pa ulendo.

A Benedicto anali ndi chizolowezi chimene adatengera kwa ansembe aja. M'mawa uliwonse asanakhudze macheka ankakhala pamwala chete, nthawi yokwanira kuwiritsa madzi. Ankati n'kusinkhasinkha. Tsiku lotsatira adawaitana awiriwo nati, "Wofuna kugwira zida zanga ayambe waphunzira ichi."

Gervazio adaseka. "Kusinkhasinkha kokha ndiye musandiphunzitse, bambo. Ine mutu wangawu supuma. Panopa ndasinkhasinkha kale mpando umene ndidzapangire mayi a kunyumba."

"Kumeneko n'kuyendayenda," adatero a Benedicto. "Chimene ndikunena ine n'kukhala pamene uli. Khala pansi, uwongole msana. Mvera mpweya ukamalowa, umverenso ukamatuluka. Maganizo akathawa usawakalipire, ungowabweza monga umabwezera mbuzi yolowa m'munda wa eni. Akathawanso uwabwezenso. Ntchito yake ndi yomweyo, palibe ina."

Gervazio adakhala pansi. Adapuma kamodzi, kawiri, kachitatu anali ali kale ku Bembeke atavala jekete, anthu akumutchula kuti amisiri. Atatsegula maso adapeza anzake akadali chete, ndipo adaona ngati amunamiza. Mawa lake adayesanso, mwendo n'kuchita dzanzi. Tsiku lachitatu adaleka. Nthawi imeneyo adaisandutsa yonolera macheka, tupa ali kwee kwee pafupi ndi makutu a anzake, uku akumuseka mlamu wake.

"Alamu, mazira mukufungatirawo aswa liti?"

Zilole sanali munthu wa tchalitchi, ndipo sankadzitenga ngati wodziwa kanthu. Adangoyankha kuti, "Kaya ngati ndikukhoza, alamu. Anganso maganizo amathawa kambirimbiri. Chokhacho ndazindikira n'chakuti mtsinjewu uli ndi mawu awiri, ena pamiyala, ena pansi pa gombe."

"Mawu a mtsinje sapanga chitseko," adatero Gervazio.

Chipika cha chitsekocho chinali cha mbawa, ndipo chinali chimodzi chokha. Amuna makumi atatu adachikoka masiku atatu kuchokera kumtunda kwa mtsinje, ena mpaka kusupuka mapewa. Matabwa otambalala oyenera chitseko akadatuluka pakati pake pokha, kotero kulakwitsa pamenepo kunalibe pobwerera. A Benedicto adamenya mzere wa makala mosamala. Gervazio adaumirira kuti akwere pamwamba ndi iye, ndipo mkuluyo adamulola, kenaka adapita kumudzi kukayeza khomo la tchalitchi.

Adayamba bwino ndithu. Macheka ankatsika ndi kukwera, utuchi wofiira ukugwa. Koma kucheka ndi ntchito yobwerezabwereza, ndipo pa ntchito yotere m'pamene mbuzi ya Gervazio inkadula chingwe. Maso anali pamzere, koma mwini wake anali akukonza mawu amene adzalankhule potsanzika mudzi.

"Alamu, taimani," adatero Zilole m'dzenjemo. "Machekawa asintha kulira."

"Inu kokani. Mzere ndikuuona ndine."

Patapita kanthawi Zilole adalankhulanso. "Utuchi ukugwera mbali imodzi, alamu. Tiyeni tidikire a Benedicto."

"Mwatopa basi. Ndikufuna akapeze tamaliza."

Ndipo adapezadi atamaliza. Thabwa lidagwa pambali, kumutu kuli kokhuthala ngati ntchafu, kumapeto kuli kopyapyala koti mwana n'kuthyola ndi bondo. Linzake lotsala pachipika lidapotoka chimodzimodzi. A Benedicto sadakalipe. Adayendetsa chala pa thabwalo, kenaka adafunsa, "Macheka adachoka pamzere pati?"

Gervazio adayang'ana kumutu, adayang'ana kumapeto, osapeza choloza. Zilole, amene mzerewo sankauona n'komwe, adakhudza pa mfundo ina ya mtengowo. "Apa, bambo. Adalira ngati akutsamwa, kenaka adayamba kulemera dzanja lamanzere."

"Nanga iwe Gervazio unali kuti?"

"Ndinali pompano, bambo."

"Miyendo yako ndiyo inali pompano," adatero mkuluyo. "Sindikukukana chifukwa cha thabwali ayi, thabwa aliyense amaononga. Koma munthu amene palibe sindingamuphunzitse."

Chitseko chidapangidwa ndithu, koma chinali ndi kathabwa ka mtengo wina kolumikiza m'mbali, koyera pakati pa mbawa yofiira, ndipo aliyense wolowa m'tchalitchi ankadziwa mwini wa chigambacho. Amene adapita ku mishoni anali Zilole. Filomena, poona kuti thumba lija lingokhala, adampatsa mchimwene wakeyo kuti anyamuliremo ufa. Chimenechi chidamupweteka Gervazio kuposa chitseko. Adachita manyazi kwambiri, moti miyezi iwiri ankadzera njira ya kuseri kwa nkhokwe kuti asakumane ndi anthu amene adawatsanzika kale.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa wina adatsikira ku dzenje lija. Munali mutamera udzu, ndipo thabwa lopotoka lija lidali pomwepo. Adakhalapo. Kwa nthawi yoyamba analibe mawa loti alikonze, choncho adawongola msana n'kuyamba kumvera mpweya wake. Maganizo adathawira kwa Zilole, iye adawabweza. Adathawira ku chigamba cha chitseko, adawabwezanso. Adachita zimenezi kosawerengeka, osakwiya. Kenaka adamva mtsinje, mawu ena pamiyala, ena pansi pa gombe, monga momwe mlamu wake adanenera.

Pafupi ndi bondo lake panali chigoba cha nkhono chimene ankayesa kuti n'chopanda kanthu. Chidagwedezeka pang'ono. Mudatuluka mutu wonyowa, kenaka tinyanga tiwiri tidatalika pang'onopang'ono, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda koyang'ana uku ndi uku. Gervazio anali ndi zaka makumi atatu, nkhono adazipondapo zambirimbiri m'munda, koma maso ake anali asanawaonepo. Misozi idalengeza, chifukwa adadziwa kuti tsiku lija macheka nawonso ankamuuza, ndipo akadangoima akadamva.

Ku mishoni sadapitenso, malo anali amodzi ndipo mwini wake anali atawatenga. Chimene adapeza pa thabwa lopotokalo n'chimene akuluakulu adanena kalekale, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.