Njati ndi Mwambo Wogwetsa Mfumu

Khalani pansi bwino, ana inu, ndipo wina asandidule mawu.

Panangokhala, kalekale mitsinje isanaone mlatho, mtundu wa njati umene unkakhala kumpoto kwa mtsinje waukulu. Chaka china kunabwera mimbulu yosawerengeka, ndipo njati zinathawa mpaka kukafika pagombe. Tsidya linalo linali dziko la Njovu.

"Gogo Njovu, tiloleni tiwoloke," zinapempha njatizo.

"Wolokani," anayankha Njovu, "koma muzindilondera madooko, chilombo chisawolokerepo."

Zinawoloka, zinalondera. Koma Njovu anali atakalamba. Atamwalira, dziko lake linagawikana, ndipo njati zinatenga dambo lalikulu la msipu wobiriwira, mapiri kumpoto, mtsinje wina kummwera. Palibe chilombo chinkaziyamba dala. Mdani akabwera zinkaima mozungulira, nyanga kunja, ana pakati. Mpanda wa nyangawo unali usanathyokepo.

Komabe njati zinali ndi mwambo umene zinabwera nawo kuchokera pa ulendo uja. Mphongo iliyonse yogwetsa mfumu pansi, iyo ndiyo inkakhala mfumu. Zikatero gulu lonse linkaponda pansi ndi kuimba:

"Wagwa, wagwa, wagwa!
Wagwetsa ndiye mfumu!"

M'dambomo munali Fulu, amene ankasunga malamulo a Njovu nthawi yakale. Iye anapita kwa mfumu Mpondamwala.

"Mfumu, mwambo wanuwu ndi wapaulendo. Pothawa mimbulu pankafunika wamphamvu patsogolo. Lero muli ndi dziko. Ikani lamulo lakuti akuluakulu azikhala pansi ndi kusankha mfumu, ndipo yosankhidwayo isamagundidwe."

"Mwanena zoona, a Fulu," anatero Mpondamwala. "Mawa ndiitanitsa msonkhano."

M'mawa mwake njati zonse zinasonkhana. Mpondamwala anangoti, "Abale anga, kuyambira lero..." Asanamalize, mphwake anamugunda m'nthiti, khu! Mfumu ili gada. Ndipo gulu linaimba:

"Wagwa, wagwa, wagwa!
Wagwetsa ndiye mfumu!"

Fulu analowetsa mutu m'chigoba, nabwerera kwawo pang'onopang'ono.

Dzinja lililonse linkabwera ndi mfumu yake. Mfumu inaleka kuyang'ana kumadooko, inkayang'ana abale ake. Podya msipu, diso lili kwa mng'ono wake. Pomwa madzi, diso lili kwa mphwake. Mphongo zamphamvu zinathyolana nyanga zokhazokha, ndipo wogwetsedwa aliyense ankachoka ndi kagulu kake, nakadyera payekha, akusunga mangawa.

Tsiku lina mphongo yotchedwa Dzimbiri inagwetsa mfumu Kanyoza m'matope, pamaso pa akazi ndi ana. Kanyoza anadzuka, nyanga imodzi itathyoka, ndipo anadziwa kuti sangamugwetsenso Dzimbiri ndi mphamvu zake. Anauyamba ulendo wa kumtsinje wa kummwera. Panjira anakumana ndi Fulu.

"Kodi mwalowera kuti, a Kanyoza, matope ali thupi lonse?"

"Kukasamba."

"Kosamba ndi kumtunda. Uko kuli dooko limene makolo anu analonjeza kulondera."

"Inu a Fulu, mumayenda pang'onopang'ono koma pakamwa ndiye pamathamanga," anatero Kanyoza, namupitirira.

Tsidya la mtsinjewo kunali Mkango ndi gulu lake. Kwa zaka zambiri ankaliyang'ana dambolo, koma sankadziwa pamene pali posaya. Kanyoza anaima pagombe ndi kufuula.

"A Mkango! Ndikusonyezani powolokera. Mundichotsere Dzimbiri basi, kenako mubwerere kwanu."

"Dzimbiri yekha, achimwene?"

"Yekha."

"Nanga mpanda wanu wa nyanga uja?"

"Umenewo musiyire ine."

Mikango inawoloka dzuwa lili paliwombo, madzi akulekeza m'mawondo. Dzimbiri ataiona anafuula kuti, "Mpanda! Ana pakati!" Njati zinaima mozungulira monga mwa nthawi zonse. Koma mikango itayandikira, Kanyoza anakodola a kagulu kake amene anaima nawo mumpandamo, ndipo iwo anapatuka, nasiya mpata waukulu. Mikango inalowera pamenepo. Dzimbiri analimbana nayo mpaka kugwa, ndipo sanadzukenso.

Fumbi litatsika, Kanyoza anabwera akumwetulira.

"Mwagwira ntchito, a Mkango. Dooko ndi lomwe lija, muyende bwino."

Mkango anagona pansi pa mthunzi wa mkuyu, pamene pankakhala mafumu a njati, nayamba kunyambita dzanja lake.

"Achimwene, tandikumbutsani. Nyimbo yanu ija, timaimva tili tsidya chaka ndi chaka, imati chiyani?"



"A Fulu," anaitana Mkango, "akuti inu ndinu wosunga malamulo. Kuno ufumu umakhala wa yani?"

"Wa amene wagwetsa mfumu," anayankha Fulu. "Lamulo lina ndinawapempha kuti aike, koma msonkhano wake sunathe."

"Nanga wagwetsa Dzimbiri ndani?"

Ndipo mikango ndiyo inaponda pansi ndi kuimba:

"Wagwa, wagwa, wagwa!
Wagwetsa ndiye mfumu!"

Njati zotsala zinatenga ana amene anapulumuka, zinakwera kumapiri a kumpoto, kumene msipu wake ndi wouma ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa. Kanyoza anazitsatira, koma zinamutembenukira msana. Anakalamba yekha m'munsi mwa phiri, akuyang'ana dambo limene makolo ake analipeza atawoloka mtsinje waukulu.

Nthano yathera pamenepa, ana inu, ndipo mukumbukire ichi: mtundu umene ulibe dongosolo losankhira mtsogoleri ndi kumulemekeza, umatsegulira wokha mdani pakhomo.