Loweruka Limene a Sizasi Anatseka Shopu

Munthu wometa tsitsi amamva zambiri. Mutu ukakhala pansi pa makina ake, pakamwa pa mwini mutuyo sipatsekeka, ndipo a Sizasi, monga ankawatchulira makasitomala awo, anali ndi makutu osataya kanthu. M'kashopu kawo ka benchi imodzi ndi galasi long'aluka pakona ankamva za mpira, za mabanja ogwedezeka, za mitengo ya zinthu. Koma sabata imeneyo iwo ndiwo ankafunsa aliyense wokhala pampando funso limodzi: "Kodi pakati pa tawuni pali chiyani choonetsa ana popanda kupisa m'thumba?"

Chinawafunsitsa ndi lonjezo. Mwana wawo wamng'ono, amene pakhomo ankangomuitana kuti Mzime, anamva kwa mnzake wa kusukulu kuti m'paki ya pakati pa mzinda muli madzi ovina. Loweruka lililonse wotchi yaikulu ikalira thwelofu koloko, nyimbo imayamba, madzi n'kutumphuka pansi, n'kumapendamira uku ndi uku ngati anthu a kwaya. Akavina kanthawi amagona, osadzukanso mpaka Loweruka linalo. Mnzakeyo anamuseka kuti, "Iwe sunawaone? Ndiye umakhala dziko liti?" Kuyambira pamenepo Mzime sankapemphanso switi. Ngakhale pa pemphero la madzulo, akatha kutchula odwala ndi apaulendo, ankawonjezera motsitsa mawu kuti, "Ndiponso madzi aja."

Tsono Loweruka ndilo tsiku la wometa. Anthu amafuna kukaoneka bwino kuukwati ndi kutchalitchi, benchi imadzaza, ena amadikirira panja. N'chifukwa chake a Sizasi ankangoti "sabata yamawa, mwanawe," mpaka tsiku lina anazindikira kuti mwanayo wasiya kufunsa. Kukhala chete kumeneko kunawalasa kuposa kulira. Anamuitana, namukhazika pamwendo.

"Loweruka lino shopu ndikutseka. Madzi ako ukawaona, ine ndili pambali pako."

"Zoona, adadi?"

"Zoona. Ndikanama undimete mpala."

Makasitomala aja sanawamane nzeru. Dalaivala wa basi anati sitolo ina yaikulu ikulawitsa anthu chakumwa chatsopano. Mphunzitsi anati kunyumba yosungirako zinthu zakale salipiritsa Loweruka m'mawa. Mlonda anatchula masitepe oyenda okha, wina anatchula mabaluni. A Sizasi ankaimitsa makina pakati pa mutu n'kufunsa, "Zimenezonso zaulere?" Akamva kuti inde, mtima unkakhala m'malo. Anadziuza kuti ngati ataye Loweruka lathunthu, ndiye kuti tawuniyo iwabwezere ndi zaulere zake zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe.

M'mawa mwake akazi awo analawirira. Anali mayi osachuluka mawu, amene chikondi chawo chinkaonekera m'manja. Anawiritsa mazira, anapaka buledi majarini, anaika nthochi ndi botolo la madzi m'chikwama, pamwamba n'kupindapo nsalu yoyala pansi. Chisamba, mnyamata wawo woyamba, anamupatsa chikwamacho kuti anyamule. Atapempherera ulendo anati, "Bambo, tikangotsika basi tilunjike kupaki. Tikapeze mthunzi wabwino, ana azikasewera, ife tizikadikira."

"Kudikira? Ndatsekera shopu kukakhala pansi pa mtengo? Mitengo ilipo ndi kuno komwe. Nthawi ilipo yambiri, mayi. Zinazi zili m'njira momwemo."

Mayiwo sanatsutse. Anangomumanga Mzime riboni kumutu.

Anatsika basi dzuwa lisanatenthe. Misewu inali itayamba kudzaza, mahutala akulira, ogulitsa manyuzipepala akuitanira. Mzime anagwira chala cha bambo ake osachisiya. Pakhomo pa sitolo ya chakumwa chatsopano anapeza mzere wokhota ngati njoka. Anaima, anasuntha, anaimanso. Atafika kutsogolo, mtsikana wovala kapu yofiira anawapatsa aliyense kakapu kochepa ngati chitsekero cha botolo.

"Adadi, changa chathera pamano, kukhosi sichinafike," anatero Chisamba.

"Chaulere sachiyeza kukula. Tiyeni!"

Kakapu ka Mzime kanatayikira pansi munthu wina atamugunda. Mayi wachikulire amene anali pambuyo pawo anamupatsa kake. Mayi a ana aja anawerama kuthokoza, koma amuna awo anali atawoloka kale msewu, akukodola ndi dzanja.

Kunyumba ya zinthu zakale kunali kozizira bwino ndi kwa bata. Pakati pa chipinda panaima mafupa a chinyama chachitali mpaka kudenga. Chisamba anaima chiriri, kukamwa kuli yasa, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono mawu olembedwa pansi pake.

"Waona? Mafupa. Tiye."

"Koma adadi, sindinamve kuti chinkadya chiyani."

"Chinkadya ana ochedwa. Tiye, masitepe akutidikira."

Masitepe oyenda okha anawakomera ana koposa. Mzime anaponda mwamantha, kenako anaseka mokweza ataona kuti akukwera miyendo ili chiimire. Anapempha kuti abwereze, koma bambo ake anali atamva kale kuti mabaluni akugawidwa kuseri kwa msewu wina. Mayi anayang'ana pamene dzuwa linafika.

"Bambo, bwanji ine nditsogole ndi Mzime? Mutipeza."

Mzime anakanirira chala chija. "Ayi, ndikufuna ndikaone ndi adadi. Anati akhala pambali panga."

"Mwamva? Banja limayenda pamodzi. Ndiponso njira yachidule ndikuidziwa, anandiuza kasitomala."

Mabaluni anathera pa mwana amene anali patsogolo pawo penipeni. Wogawayo anakutumula thumba lake kuti aone okha kuti mulibe kanthu. A Sizasi anapukusa mutu, thukuta lili kamukamu. Akanatembenukira kupaki nthawi imeneyo, bwenzi atafika bwinobwino. Koma diso lawo linagwa pa tenti yoyera pafupi ndi sitolo ya mankhwala, pamene panali chikwangwani chakuti akuyeza kuthamanga kwa magazi kwaulere.

"Izi ndiye zofunika kuposa zonse. Kuchipatala zimenezi mpaka mzere wa tsiku lonse."

"Bambo, nthawi."

"Kamphindi kokha, mayi."

Namwino anawamanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana kachipangizo kake, n'kukweza nsidze. "Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri."

"Akutsatira eni ake," anatero mayi chapansipansi.

Namwinoyo anaseka mpaka kugwira tebulo. "Pumani kaye pampandopo, mtima ukhazikike, ndikuyezeninso."

"Kachiwirikonso n'kwaulere?"

"Kwaulere."

A Sizasi anakhala. Anali asanapume n'komwe pamene kutali, kuseri kwa nyumba zosanja, wotchi yaikulu inayamba kulira. Mzime anasiya chala chija, nayang'ana bambo ake kumaso.

A Sizasi anadzambatuka lamba akadali pamkono, namwino n'kuwathamangira kuti abweze katundu wake. Anamunyamula Mzime paphewa, liwiro. Njira yachidule ija anaipeza yotsekedwa ndi malata, anthu akukumba ngalande. Anabwerera, anazungulira, Chisamba akubwera pambuyo chikwama chikumumenya kumsana, mayi atanyamula nsapato zawo m'manja. Akuyandikira anamva nyimbo, anamva ana akukuwa mokondwa. Akulowa pachipata cha paki, nyimboyo inatha. Pamwamba pa mitu ya anthu anangoona nsonga ya madzi ikutsika, kenako zii.

Anthu anayamba kubalalika, ana atanyowa, akusimbirana. Pansi pa mitengo mabanja anali atayala nsalu zawo kuyambira m'mawa, akudya mosathamanga. A Sizasi anamutsitsa Mzime. Mwanayo sanalire. Anayenda mpaka pa kampanda kozungulira bwalo la madziwo, nayang'ana timabowo ta pansi timene tinali kungodontha.

"Agona?" anafunsa.

A Sizasi anaunguzaunguza. Chapatali anaona bambo wovala ovolosi akutseka kabokosi ka chitsulo kumbali ina ya bwalolo. Sanaganize zozungulira. Analumpha kampanda kaja n'kudutsa pakati penipeni pa matailosi onyowa, akufuula, "Akulu! Akulu, taimani!"

Nsapato zawo za kutchalitchi zinali zosalala kunsi. Phazi lina linapita kum'mawa, lina kumadzulo, manja anapalasa mphepo, ndipo bambo wamkulu, mwini shopu, anagwa chagada, khuu, miyendo m'mwamba.

Mayi anaika dzanja pamtima. "Bambo, mwavulala?"

"Ayi," anayankha ali chigonere, akuyang'ana mitambo. "Ndikungopuma. Namwino anati ndipume."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali Chisamba. Kenako mayi anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Wa ovolosi uja anabwera akuyenda mosamala, nawagwira dzanja kuti adzuke. A Sizasi, msana uli chuchuchu, anafotokoza zonse, za lonjezo, za shopu, za mabaluni. Bamboyo anamvetsera, nayang'ana kamtsikana ka riboni kataima pakampanda.

"Nyimbo sindingayatsenso, si ine ndimalamula. Koma ndisanachoke ndimatulutsa madzi otsalira m'mapaipi. Ndi ochepa, bowo limodzi lokha. Mwana aime apa. Inu bambo tulukani, mungagwenso."

Anapotokola chitsulo. Pakati pa bwalo panatumphuka kamtsinje kamodzi kowonda, kanakwera kufika msinkhu wa munthu, kakunjenjemera padzuwa. Panalibe nyimbo, choncho mayi anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, Chisamba akuomba m'manja. Mzime anatambasula dzanja, timadontho tinamugwera pachikhatho. Posakhalitsa kamtsinjeko kanafupika, kanagwada, kanatha.

"Awa ndi amodzi okha," anatero Mzime, "koma amavina bwino. Anzawo ndidzawaona liti?"

Anafunsa akuyang'ana bambo ake. A Sizasi anaganiza za benchi yodzaza, za makasitomala opeza loko pachitseko kachiwiri.

"Loweruka likubwerali."

"Mukanama?"

"Wandimeta kale mpala lero, mwanawe. Sindinama."

A Sizasi anathokoza wa ovolosi uja, mayi n'kumupatira nthochi ziwiri m'manja ngakhale ankakana. Kenako anapeza mthunzi umene banja lina linali litangochokapo. Mayi anayala nsalu, natulutsa chakudya. Mazira anali ataphwanyika ndi liwiro lija, buledi ataphwatalala, koma zonse zinatha. Malaya a a Sizasi anawayanika pa chitsamba, eni ake atakhala ndi vesiti yokha. Ana anagubuduka pa udzu, anathamangitsa nkhunda, anapeza nyerere zikukoka nyenyeswa n'kuzitsatira mpaka kudzenje lake. Palibe amene anawauza kuti tiyeni. Dzuwa litapendeka, Chisamba anabwera kudzagona pamwendo pa bambo ake.

"Adadi, pa zonse za lero, pano ndiye pakoma."

"Pansi pa mtengo," anatero mayi, osayang'ana munthu. "Ngati ya kwathu ija."

A Sizasi anangoseka, akusisita msana.

Loweruka lotsatira pachitseko cha shopu panalinso loko. Atatsika basi, mnyamata wina anawatambasulira kapepala, akuitanira kuti kuseri kuno akugawa zipewa zaulere. Phazi la a Sizasi linaima lokha. Mzime anakoka chala chija kamodzi, ndipo phazilo linakumbukira matailosi. Anafika kupaki mithunzi ikadali yambiri, nakhala kutsogolo penipeni. Wotchi italira, madzi onse anadzuka pamodzi, ndipo mwanayo sanayang'ane kumbali mpaka madziwo anagona. Bambo ake sanaone bwino madziwo, chifukwa iwo ankayang'ana nkhope yake.

Mpaka lero, kasitomala akayamba kuwasimbira za zaulere zimene zili uku ndi uko, a Sizasi amamuweramitsa mutu mofatsa, n'kuyatsa makina. Amadziwa ndi msana wawo womwe zimene akuluakulu ankatanthauza ponena kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.