Mitsuko ya Pansi pa Nyanja

Panali mayi wina, dzina lake Namakhwa, amene ntchito yake inali yofukula zinthu zakale. Imvi zinamumerera ali m'maenje. Moyo wake wonse ankafunafuna yankho la funso limodzi: kodi anthu oyamba kugwira khasu m'dziko lakelo ankadzala chiyani?

Kuderako kunali nyanja yosazama, imene inkaphwa mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pa m'badwo. Chaka china cha chilala inaphwa, ndipo pamatope ong'ambikawo panaonekera mitu ya nsichi. Unali mudzi wakalekale, womangidwa pamadzi. Namakhwa anapita kumeneko ndi mnzake wa pantchito, Likoswe, munthu wakhama ndi wosapsatira mawu.

Anakumba pang'onopang'ono, dothi akulisefa ngati ufa. Anapeza mbedza za fupa, mphero, ndi kakhasu kodyeka ndi dzimbiri. Kenako, pamene panali nyumba ina, anapeza mitsuko itandandana, kukamwa kwake kuli komata ndi dongo.

Anatulutsa umodzi, nautsegula. Munali mapira osakaniza ndi phulusa, monga mmene alimi amasungira mbewu kuti anankafumbwe asaiboole. Namakhwa anagwetsa misozi. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mapira amene matope anawasunga mibadwo yosawerengeka, atangolawa mphepo ndi dzuwa, anayamba kunyenyeka. Zipangizo zimene anali nazo zinapulumutsa odzaza chikhatho basi.

Nthawiyo n'kuti mitambo itayamba kusonkhana kumapiri. Likoswe anati afukule mitsuko yonse msanga, madzi asanabwerere. Sanalankhule zopanda mutu. Anati mvula ikagwa nyanja idzavundikira mudziwo, ndipo palibe akudziwa kuti idzaphwanso liti. Anati asodzi angadzaswe mitsukoyo ndi nsungwi zawo zokankhira mabwato, osadziwa n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero, wapachala ngwamphepo.

"Achemwali, taonani mutu wanuwo," anawonjezera. "Nyanjayi ikamadzaphwanso, ofukulidwa mudzakhala inuyo."

Namakhwa anaseka, koma mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa. Mwina mumitsuko inayo munali mawere, mwina nzama, mwina mbewu imene dzina lake linaiwalika. Yankho limene analisakasaka kuyambira ali mtsikana linali pamenepo, potambasula dzanja chabe. Komanso ankadziwa kuti kufukula kuli ngati kukumba mbatata: mzere ukaukumba, suukumbanso. Chimene manja ake akanaononga tsikulo, panalibe katswiri wam'tsogolo akanachibweza, ngakhale atabwera ndi zipangizo zabwino chotani.

Anatsikira m'dzenje, nagwada pafupi ndi mitsukoyo. Padongo lomata kukamwa kwa mtsuko wina panali chidindo cha chala chachikulu. Anaikapo chala chake, ndipo chinakwana. Anaganizira za mwini chalacho. Mwina anali mayi mnzake, ana akulirira chakudya, mapira ali m'manja, koma iye n'kumamata mtsuko chifukwa cha dzinja limene sankadziwa ngati adzaliona.

Anatuluka m'dzenjemo, natola fosholo.

"Achimwene, mbewu sadya," anatero. "Amene anamata apayu sanamatire ife tokha."

Likoswe anatsutsa mpaka mawu anasasa. Koma ataona kuti mayiyo wayamba kukwirira yekha, anapukusa mutu, natola fosholo inayo. Anabwezera matope onyowa, napondaponda, najambula malowo pamapu kuti obwera m'mbuyo asadzasochere. Mvula inagwa, nyanja inabwerera pamalo pake.

Namakhwa anamwalira nyanjayo isanaphwenso. Sanadziwe zimene zinali mumitsuko inayo. Likoswe, mpaka ukalamba wake, ankati mnzakeyo anataya mwayi, ngakhale kuti akamatchula dzina lake ankavula chipewa. Mitsukoyo inatsala pansi pa madzi, yomata, chidindo cha chala chili pomwepo.

Inu amene mukumva, musamuweruze Likoswe. Zilipodi zinthu zimene ukazengereza zimapita ndi madzi, ndipo dziko limafuna anthu otikumbutsa zimenezo. Koma tsiku lina mudzagwada pafupi ndi chinthu chimene simungachitsegule osachiononga, ndipo mtima udzakuuzani kuti mwayi ndi womwewu. Pamenepo yambani mwayang'ana manja anu. Ngati sanakwanire, kwirirani bwino, musiye chizindikiro. Tonsefe tikudya lero chifukwa wina, ali ndi njala, anamata mtsuko.