Ndevu za a Chimbalanga

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Sumangogwa kumwamba ngati matalala ayi. Pamakhala anthu amene anaona kanthu ndi maso awo, kanthuko n'kupita, mawu n'kutsala. Mwambi wa lerowu kwawo ndi ku Ndafika.

Ndafika linali dera latsopano kunja kwa mzinda, pamalo pamene kale panali minda ya chimanga. Dzinali linabwera chifukwa aliyense womanga nyumba kumeneko, akangoika geti, ankapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Basi, ndafika." Akatero ankakweza mpanda wa njerwa, pamwamba pake n'kuzikapo mabotolo oswa. Anthu sankadziwana maina. Ankangoti "a geti lofiira," "a geti lakuda," "a galu waukali aja."

Derali linali ndi bungwe la anthu okhalamo, ndipo linkakumana Lamulungu loyamba la mwezi pansi pa mtengo wa mango. Nyumba zinalipo makumi anayi, koma anthu khumi akafika pamsonkhano ndiye kuti kwadzaza. Ena onse ankangolemba madandaulo pa gulu la pa foni: za fumbi, za agalu, za tambala wa mnzawo wolira usiku.

Kumapeto kwa derali kunali kanyumba ka lendi komwe munkakhala mayi wachitsikana dzina lake Sigele, ndi ana ake awiri: Ulemu wa zaka zinayi ndi khanda la kumsana. Mwamuna wake ankayendetsa galimoto ya katundu, ndipo ankatha masabata atatu ali pamsewu. Sigele anali munthu wamantha. Mpeni ankaika pamwamba pa kabati, machesi m'thumba la diresi lake, ndipo ngakhale kukwera pampando ankayamba waugwedeza kaye.

Koma chimene chinkamudya mtima kwenikweni chinali kuseli kwa nyumba. Eni nyumba anali asanamalize kumanga, choncho kumbuyoko kunali mpanda wa udzu chabe, ndipo matabwa awo anawatsamiritsa kukhoma mpaka kufika m'munsi mwa denga. Kuseli kwa mpandawo kunali puloti yaikulu yosamangidwa, mwini wake ali kunja kwa dziko, udzu wa tsekera utatalika kuposa munthu. Pofika mwezi wa Seputembala udzuwo unali utauma gwa. Mphepo ikaomba unkachita waa, ndipo Sigele ankamva ngati moto wayamba kale.

Tsiku lina analimba mtima n'kupita ku msonkhano. Wapampando anali Mayi Mphonde, namwino wopuma pa ntchito. Atapatsidwa mpata, Sigele anaimirira.

"Zikomo apampando. Ine ndine make Ulemu, wa nyumba yopanda geti ija. Nkhawa yanga ndi moto. Ndimati mwina tidule udzu wa papuloti ija, komanso nyumba iliyonse ikhale ndi wezulo. Uthenga wa pa foni munthu amauona madzulo, koma wezulo amamveka pompopompo. Ndiponso mipopi ikuuma kawirikawiri, ndiye amene ali ndi thanki atilole kutungako pakagwa ngozi."

Thanki m'dera lonselo inalipo imodzi, ndipo mwini wake anali pomwepo: a Chimbalanga, bambo wopuma pa ntchito ya za njanji, amene khoma lawo linachita malire ndi kanyumba ka Sigele. Khoma limenelo ndilo linali lalitali kuposa onse. Koma chimene a Chimbalanga ankanyadira kuposa khoma ndi thanki chinali ndevu. Zinkafika pa batani lachitatu la malaya, ankazidzoza mafuta m'mawa uliwonse, ndipo chipeso chake chinkakhala m'thumba la pamtima.

Anazisisita ndevuzo pang'onopang'ono asanayankhule.

"Apampando, kodi tasanduka oyimbira mpira?"

Anthu anaseka.

"Thanki ndinagula ndi thukuta langa. Mpanda ndinamanga kuti za kunja zikhale kunja. Moto ukamuvuta munthu, aimbire ozimitsa moto mtauni. Ndipo iwe mtsikana, wa lendi ndi mbalame ya panthambi, mawa uuluka. Usatiphunzitse kukhala ife amene tinazika mizu."

Sigele anakhala pansi nkhope ili zyoli. Mayi Mphonde anagogoda benchi.

"A Chimbalanga, moto sufunsa chikalata cha puloti. Mwanayu wanena zoona. Ine wezulo ndigula mawa."

Amene anagula mawezulo anali asanu ndi awiri okha. Tsiku lodula udzu kunabwera amayi anayi ndi a Twaibu, mmisiri womanga nyumba. Puloti inawakulira, moti anangolambula kanjira kotambalala mapazi asanu m'mbali mwa mpanda wa Sigele, n'kubalalika matuza ali m'manja.

Lachitatu lina m'mawa, Sigele ankachapa matewera pafupi ndi khoma la a Chimbalanga. Anamva fungo la palafini. Kuseliko bambo aja anali ataunjika masamba a mapeyala, ndipo poona kuti akuchedwa kuyaka anawathira palafini n'kuwerama kuti auzire. Ana inu, chinthu chimenechi musadzachiyese ngakhale kamodzi.

Kunamveka phuu! Kenaka mfuu.

"Mayo! Mayo ine! Ndafa!"

Geti la a Chimbalanga linayang'ana msewu wina, ndipo linkakhala ndi maloko atatu. Kuzungulira kukanatha nthawi. Sigele sanaganize kawiri. Anasenza beseni lija pamutu, naponda pa njerwa, naponda pa mgolo umene unali pakhomapo, mgolo n'kumagwedezeka. Atasuzumira anaona bambo wamkulu akuthamanga mozungulira, akudzimenya pachifuwa, ndevu zili lawilawi.

"Bambo, musathamange, mukuukupiza! Bwerani kukhoma kuno!"

A Chimbalanga anabwera.

"Gwadani!"

Munthu amene sankauzidwa zochita ndi wina aliyense anagwada. Sigele anapendeketsa beseni, madzi onse khuthu! Moto unazima, ndipo thewera limodzi linatera pamutu pa a Chimbalanga n'kukhala ngati chipewa. Botolo la pakhoma linamucheka Sigele pamkono, koma anazindikira atatsika. Anaimba wezulo wake, Mayi Mphonde anabwera ndi chikwama chawo cha mankhwala, ndipo geti la maloko atatu linatseguka pang'ono pongokwanira munthu mmodzi. Mayiwo anawatsuka a Chimbalanga, nawaperekeza kuchipatala. Khungu linapsa pang'ono chabe. Koma ndevu zinathera pomwepo.

Mukuganiza kuti a Chimbalanga anabwera kudzathokoza? Ayi ndithu. Panapita masabata atatu geti lili chitsekere. Ngakhale wailesi yawo inaleka kumveka. Kumsika amayi ankamufunsa Sigele akuseka:

"Make Ulemu, tiuzeni zoona. Madzi amene munawathira aja anali a chiyani?"

"Anali madzi basi," ankayankha choncho, n'kupitiriza kusankha tomato.

Mumtima ankadandaula. Chilonda cha pamkono chinkamuwawa akamabereka mwana, udzu uja unali pomwepo, ndipo thanki inali kuseli kwa khoma ngati kale.

Loweruka lomaliza la Okutobala kunatentha kuyambira m'mamawa. Mipopi inali itauma masiku atatu. Dzuwa lili paliwombo, Sigele anamva kuthetheka. Atatuluka anaona utsi kumapeto kwa puloti ija, kumene wina anataya phulusa la mbaula lisanazime. Mphepo inkaomba molunjika kwa iye.

Chinthu chimene anachiopa miyezi yonseyi chitafika, Sigele sanazengereze. Anabereka khanda, nagwira Ulemu padzanja, nawatulutsira kumsewu kaye. Kenaka anaika wezulo pakamwa n'kuimba ndi mpweya wake wonse.

Kenaka kumtunda wezulo wina anayankha. Wina kumunsi. Wina kuseli kwa geti lofiira. Onse asanu ndi awiri analira pamodzi, agalu n'kulowerera, ndipo mageti amene sankatseguka anayamba kulira mahinjesi. Anthu anatuluka ena ali ndi thovu la sopo m'mutu, ena supuni ili m'manja.

"Kuli chiyani?"

"Moto! Kwa make Ulemu!"

"Make Ulemu ndi ati?"

"Thamangani, mukawadziwira konko!"

Mayi Mphonde analandira ana aja n'kuwaimika patali. Amuna anathyola nthambi zaziwisi n'kuyamba kupuntha moto, amayi akuwaza mchenga. Kanjira kolambula kaja kanauchedwetsa motowo, moti unafika pamenepo n'kuima ngati ukuganiza. Koma kamvuluvulu ananyamula udzu woyaka n'kuuponya pa mpanda. Mpanda unayaka. Kuchoka pa mpanda kufika pa matabwa aja panali mapazi atatu okha, ndipo matabwa akanayaka, denga likanapita.

"Madzi! Tipatseni madzi!" anakuwa a Twaibu.

Anthu anayang'anana, ndowa zili m'manja, zonse zouma. Sigele anayang'ana zenera la kuchipinda kumene kunali mphasa ya ana ake, zovala zawo, makadi awo a kusikelo.

Pamenepo kunamveka wezulo wachisanu ndi chitatu. Sanali ngati enawo. Anali wokuya, wautali, wa mkuwa, wezulo amene kale ankaimitsa sitima. Ankachokera kuseli kwa khoma lalitali lija. Atangoleka, khomalo linagunda. Gu! Mabotolo a pamwamba anayoyoka. Gu! Njerwa inatuluka n'kugwera pafupi ndi mgolo. Gu!

Pabowopo panasuzumira nkhope ya bambo wa chibwano chosalala, ndipo anthu sanamuzindikire mpaka atayankhula.

"Mukuyang'ana chiyani? Twaibu, tenga piki umenye mbali yakoyo! Paipi yanga siingazungulire msewu, idutsa pompano!"

"Bambo, khoma lanu!" anatero Sigele.

"Khoma n'chiyani? Make Ulemu, gwira paipi iyi!"

Hamala mbali iyi, piki mbali inayo, khoma linagumuka malo okwanira anthu awiri. Paipi inadutsa madzi akuthovoka. Sigele anailozetsa pa matabwa, kenaka pa mpanda. Amene anali ndi ndowa anandanda kuchokera pa thanki, kudutsa pabowo, mpaka kuseli kwa nyumba, ndowa ikuchoka m'manja kulowa m'manja. A geti lofiira ankapatsira a geti lakuda, a geti lakuda n'kupatsira a galu waukali, ndipo poti ntchito yotere siyenda popanda kuitanana, ankafunsana maina ndowa ili m'malere. A Chimbalanga anaima pa thanki akutsegula mpopi, thukuta lili kamukamu, akulamula ngati ali pasiteshoni.

Thanki itatsala pang'ono kuuma, moto unagonja. Mpanda wa udzu unapsa wonse, matabwa awiri anada, koma denga silinakhudzidwe. Mayi wina anayamba nthungululu, enanso analandira, mpaka dera lonse linamveka ngati kuli ukwati. Ulemu anathamanga n'kukakumbatira miyendo ya mayi ake.

Pamsonkhano wotsatira mabenchi anachepa. Ena anakhala pa njerwa, ena anabwera ndi mipando yawo. A Chimbalanga anapempha kuyankhula. Dzanja lawo linapita pachibwano mwachizolowezi, n'kupeza palibe chosisita.

"Apampando, ine ndinanyoza mwana uyu pamalo pompano, ndiye ndipepesanso pompano. Make Ulemu, pepa mwanangu. Masabata atatu ndinabisala ndi manyazi, ndikudikira tsiku limene mudzayambe kundiimba nyimbo. Silinafike, chifukwa mwanayu sananene. Ndiye ndinena ndekha. Madzi amene anandipulumutsa anali a matewera."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. A Chimbalanga anadikira kuti phokoso lithe.

"Sekani, koma mumve. Mpanda wanga unatsekera akuba kunja, n'kunditsekera ine mkati pamodzi ndi moto. Akanati aliyense asamale zake, monga ndinanenera ine, bwenzi lero mukudya nyemba za pamaliro anga. Ndiye ndikuti, mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

"Nanga ife opanda ndevu?" anafunsa Mayi Mphonde.

"Mayi, aliyense ali ndi ndevu zake. Za make Ulemu ndi denga lija."

Tsiku lomwelo anagwirizana kuti Loweruka lotsatira nyumba iliyonse itumize munthu ndi chikwakwa, ndipo mapuloti onse osamangidwa anadulidwa udzu tsiku limodzi. Sigele anamusankha kukhala woyang'anira za ngozi m'bungwemo, poti anati munthu wamantha ndiye amaona moto usanayake.

Mawu a a Chimbalanga aja anatuluka ku Ndafika, anakwera minibasi, anafika m'misika ndi m'midzi, mpaka lero akuluakulu amati: mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Tanthauzo lake n'lakuti mnzako akagwa m'vuto umuthandize msanga, osayamba wawerenga zimene anakulakwira kapena kufunsa ngati adzathokoze. Tsoka silikhala pakhomo limodzi. Lero lili kwa iye, mawa lidzagogoda kwa iwe, ndipo amene adzakuthamangire ndi yemwe uja unamuthamangira.

A Twaibu atabwera ndi simenti kuti atseke bowo lija, a Chimbalanga anakana. Anati aikepo kachitseko, kopanda loko. Ndevu zinameranso, zoyera kuposa kale, ndipo Ulemu ndi mng'ono wake ankadutsa pakachitsekopo kukazipesa.